Mmene kompyuta imasankhira zizindikiro za mu ubongo

Munthu wakhala pampando, manja ali phee pamiyendo, kumutu wavala chipewa chodzaza timawaya. Pasikirini pabwera muvi woloza kumanzere, iye n'kuyamba kuyerekeza mumtima kuti akufinya mpira ndi dzanja lamanzere. Pakapita masekondi awiri kapena atatu, kadontho ka pasikirini kayamba kusendera kumanzereko. Woonerera amathamangira kunena kuti makinawa awerenga maganizo, koma ntchito imene kompyuta yagwira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo. Yayeza mphamvu ya mafunde amagetsi pamalo angapo a mutu, yaiyerekeza ndi zitsanzo zimene inaphunzitsidwa kale, n'kuponya yankho m'gulu limodzi mwa magulu awiri amene anthu anaikonzera. Munthuyo akanakhala kuti akuganiza za ngongole zake, kompyutayo ikanayankhabe kuti "kumanzere" kapena "kumanja", chifukwa gulu lachitatu ilibe.

Njira yolumikizira ubongo ndi kompyuta popanda kudzera m'minofu imatchedwa brain-computer interface, mwachidule BCI. Dzinali analiyambitsa ndi Jacques Vidal wa pa yunivesite ya UCLA mu 1973. Amene amaifuna kwambiri ndi anthu oti nzeru zili bwinobwino koma thupi linasiya kumvera: odwala ALS (matenda opha pang'onopang'ono mitsempha yoyendetsa minofu), amene anachita sitiroko ya m'tsinde mwa ubongo, ndi ovulala fupa la msana cha m'khosi.

Chimene timawaya timamva

Ubongo uli ndi maselo otumiza mauthenga okwana pafupifupi 86 biliyoni. Selo limodzi likamagwira ntchito limatulutsa timagetsi tochepa zedi, toti sitingafike pakhungu la pamutu. Chimene chimafikapo ndi mphamvu yophatikizana ya maselo zikwizikwi amene andanda moyang'ana mbali imodzi ndipo akugunda nthawi imodzi. Kuyeza mphamvu imeneyi ndiye EEG. Hans Berger anaijambula koyamba pa munthu ku Jena, m'dziko la Germany, mu 1924, koma anadikira mpaka 1929 kuti afalitse zimene anapeza.

Kukula kwa mafunde a EEG kumakhala pakati pa mamaikirovoti 10 ndi 100. Batire la mavoti 1.5 lili ndi mamaikirovoti 1,500,000, choncho funde lalikulu ndithu la mu ubongo limachepa ka 15,000 poyerekeza ndi kabatire ka mu tochi. Kuwonjezera apo, chigaza sichidutsitsa bwino magetsi. Chimafooketsa chizindikiro n'kuchimwaza, moti kawaya kamodzi kamamva zochokera dera lotakata masentimita angapo. Zili ngati kumvetsera mvula padenga muli m'nyumba: mumadziwa kuti yakula, yachepa, kapena yasunthira mbali ina, koma dontho limodzilimodzi simungaliwerenge.

Mafundewa amagawidwa potengera kuti akubwereza kangati pa sekondi, ndipo muyeso wake ndi Hz. Ochepera 4 Hz ndi delta, 4 mpaka 8 ndi theta, 8 mpaka 13 ndi alpha, 13 mpaka 30 ndi beta, opitirira apo ndi gamma. Pa EEG ya pakhungu, gamma musamukhulupirire msanga, chifukwa m'dera limenelo ndi mmene minofu ya nkhope ndi khosi imasokosera kwambiri.

Timawaya timaikidwa motsatira dongosolo lotchedwa 10-20, limene Herbert Jasper analifotokoza mu 1958. Mumayeza kuchokera pamphuno pakati pa maso mpaka pa kafupa kotukuka kunkhongo, n'kugawa mtundawo m'magawo a 10 ndi 20 peresenti. Zilembo zimasonyeza dera: F kutsogolo, C pakati, P cham'mbuyo pamwamba, O kunkhongo, T cha m'makutu. Manambala osagawika ndi 2 ali kumanzere, ogawika ali kumanja, ndipo z ndi mzere wa paliwombo. Kawaya kalikonse kamayeza kusiyana kwa mphamvu pakati pa malo ake ndi kawaya kena kofananizira, kamene nthawi zambiri kamaikidwa pakhutu kapena pafupa la kuseri kwa khutu. Kofananizira kameneka kakangomasuka, mizere yonse pasikirini imawonongeka nthawi imodzi, ndipo ongoyamba kumene amataya nthawi kufufuza vuto pa timawaya tina tonse.

Pansi pa kawaya kalikonse amathirapo jelo wodutsitsa magetsi, atapatula tsitsi ndi kupukuta khungu. Cholinga n'chakuti kukana kwa magetsi pakati pa kawaya ndi khungu kutsike pansi pa makiloohmu 5 kapena 10. Jelo akachepa, phokoso la magetsi a m'nyumba, la 50 kapena 60 Hz malinga ndi dziko, limalowerera. Akachuluka, amayenderera n'kulumikiza timawaya tiwiri toyandikana, ndiye timayamba kuonetsa mzere wofanana ndendende. Musanayambe chilichonse, muuzeni munthuyo atseke maso masekondi khumi. Ngati pa O1 ndi O2 sipakutuluka mafunde a alpha ooneka bwino, a pafupifupi 10 Hz, yambani mwakayikira zida zanu.

Zizindikiro zitatu zimene zimasankhika

Si chilichonse chochitika mu ubongo chimene chimasiya phazi looneka pa EEG. Pa zaka makumi angapo za kafukufuku, zitatu ndi zimene zakhala zodalirika.

Choyamba ndi kuyerekeza kusuntha chiwalo. Dzanja likapuma, maselo a dera loliyendetsa amagunda pamodzi pa 8 mpaka 13 Hz, funde lotchedwa "mu". Munthu akasuntha dzanjalo, kapena akangoyerekeza kuti akulisuntha, maselowo amabalalika aliyense pa ntchito yake ndipo mphamvu ya fundelo imatsika, pamodzi ndi ya beta. Kutsikaku kumaonekera kwambiri mbali yotsutsana: dzanja lamanja pa C3, lamanzere pa C4, mapazi pa Cz. Gert Pfurtscheller ndi anzake ku Graz, m'dziko la Austria, ndi amene anazama nazo kwambiri. Malangizo opatsa munthu amasintha zotsatira. Wodziona m'maganizo ngati akuonera kanema wa dzanja lake amatulutsa chizindikiro chofooka, pamene woyesa kumva kulemera ndi kukokana kwa minofu, ngati akufinyadi chinthu, amatulutsa chooneka bwino.

Chachiwiri ndi P300, funde limene limakwera patapita mamilisekondi pafupifupi 300 munthu ataona chinthu chimene amachidikira pakati pa zina zambiri zosafunika. Samuel Sutton ndi anzake analifotokoza mu 1965, ndipo mu 1988 Lawrence Farwell ndi Emanuel Donchin analisandutsa cholembera. Zilembo ndi manambala 36 amaziyala m'mizere isanu ndi umodzi yopingasa ndi isanu ndi umodzi yotsika. Mizereyo imathwanima mosatsata ndondomeko, munthu n'kumawerenga chamumtima nthawi iliyonse imene chilembo chake chawala. Pa kuthwanima 12, kuwiri kokha n'kumene kumakhudza chilembo chake, ndipo pamene mzere wopingasa ndi wotsika zakumana ndi pomwe pali yankho. Vuto n'lakuti fundeli ndi la mamaikirovoti ochepa, lomira m'phokoso lolipitirira kukula. Mankhwala ake ndi kubwereza n'kutenga avereji, koma masamu ake ndi oumira: kubwereza ka 16 kumachepetsa phokoso kanayi kokha, ndipo kuti lichepe ka 8 muyenera kubwereza ka 64. Ngati kuthwanima kulikonse kukutenga mamilisekondi 125 ndipo mwabwereza ka 15, chilembo chimodzi chadya masekondi 22.5.

Chachitatu ndi SSVEP. Munthu akayang'ana kuwala kothwanima ka 12 pa sekondi, dera loona la kunkhongo limayamba kugunda pa 12 Hz, komanso pa 24 ndi 36. Mukapatsa batani lililonse liwiro lakelake, kompyuta imangofufuza liwiro limene lakula pa Oz, O1 ndi O2. Iyi ndiyo njira yothamanga kwambiri pa zosafuna opaleshoni: mu 2015 gulu la ku yunivesite ya Tsinghua ndi anzawo linaonetsa cholembera cha mabatani 40, othwanima kuyambira 8 mpaka 15.8 Hz, chofika zilembo pafupifupi 60 pa mphindi. Koma imatopetsa maso, imafuna munthu wotha kuyendetsa maso ake, ndipo kuwala kothwanima kungadzutse khunyu mwa anthu ena, choncho funso limeneli limafunsidwa munthu asanakhale pampando.

Kuchokera pa mafunde kufika pa yankho

Titenge chitsanzo cha deta yodziwika kwambiri, ya mpikisano wachinayi wa BCI wa mu 2008, gawo 2a, yojambulidwa ku Graz. Muli anthu 9, timawaya 22, ndipo chizindikiro chinkayezedwa ka 250 pa sekondi. Magulu ndi anayi: dzanja lamanzere, lamanja, mapazi ndi lilime. Munthu aliyense anabwera masiku awiri, ndipo tsiku lililonse anayesa maulendo 288.

Kuyeza ka 250 pa sekondi kumalola kuona mafunde osapitirira 125 Hz, theka lake, zomwe n'zokwanira. Choyamba ndi kusefa: kusiya 8 mpaka 30 Hz, kutaya zina zonse. Sefa imeneyi yokha imachotsa kuyandama kwa pang'onopang'ono kobwera ndi thukuta, gawo lalikulu la kuphethira kwa maso, ndi phokoso la magetsi a m'nyumba. Kenako mumadula zidutswa, mwachitsanzo kuyambira theka la sekondi mpaka masekondi 2.5 chizindikiro cha pasikirini chitaoneka. Theka loyambalo amalisiya dala, chifukwa panthawiyo ubongo ukuyankha muvi umene maso aona, kuyerekezako kusanayambe. Zidutswa zopitirira mamaikirovoti 100 nthawi zambiri zimatayidwa, popeza zimakhala kuti munthu anameza malovu, anakukuta mano kapena anagwedeza mutu.

Tsopano werengani: timawaya 22, kuchulukitsa ndi 250, kuchulukitsa ndi masekondi 2, ndi manambala 11,000 pa chidutswa chimodzi. Zitsanzo zophunzitsira n'zokwana 72 zokha pa gulu. Pulogalamu iliyonse yopatsidwa manambala ochuluka chotere pa zitsanzo zochepa chotere imaloweza phokoso m'malo mophunzira, ndipo imakhoza bwino pa zimene yaona kale n'kugwa chagada pa zatsopano. Ntchito yaikulu ndiye kufinya manambala 11,000 aja kuti atsale ochepa okhala ndi tanthauzo.

Njira imene yakhalitsa pa ntchitoyi ndi CSP, imene gulu la ku Graz linaitchukitsa cha m'ma 2000. M'malo modalira kawaya kamodzi, imasakaniza timawaya tonse, kena kuwonjezera kena kuchotsera, kuti ipeze msakanizo umene mphamvu yake imakula kwambiri pa dzanja lamanzere n'kuchepa kwambiri pa lamanja, ndi wina wochita mosemphana. Nthawi zambiri amatenga misakanizo itatu mbali iliyonse. Pa uliwonse amayeza kuchuluka kwa kugwedezeka kwa funde n'kutenga logarithm yake, kuti manambala asapendekere mbali imodzi. Chidutswa chonse chija chatsala manambala 6.

Apa m'pamene pamabwera pulogalamu yosankha, imene akatswiri amaitcha classifier. Yodziwika kwambiri ndi LDA, ndipo ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa: chidutswa chilichonse ndi kadontho, madontho a kumanzere aunjikana uku, a kumanja uko, iyo n'kulemba mzere wowongoka pakati. Chidutswa chatsopano chikagwera mbali iyi ndi kumanzere, mbali inayo ndi kumanja, ndipo kutalikirana kwake ndi mzere kumasonyeza kuti yankholo n'lodalirika bwanji. Pa P300 manambala amachuluka, mwina timawaya 8 ndi mfundo 16 pa kalikonse, kupanga 128, choncho amagwiritsa ntchito LDA yomangidwa pang'ono, ya shrinkage, kuti isatengeke ndi zitsanzo zochepa.

Njira zatsopano zilipo. Ya Alexandre Barachant ndi anzake, ya mu 2012, imayerekeza mwachindunji matebulo osonyeza mmene timawaya timayendera limodzi, pogwiritsa ntchito masamu a Riemann, ndipo imapirira bwino phokoso. EEGNet, ya mu 2018, ndi neural network yaing'ono yopangidwira EEG, kutanthauza pulogalamu yodzipezera yokha zosiyanitsa magulu kuchokera m'zitsanzo. Ma network akuluakulu amapambana pamene deta ilipo yambiri, koma pa munthu mmodzi wojambulidwa mphindi makumi awiri, CSP ndi LDA zimavutabe kuzigonjetsa. Wanzeru amayamba ndi zimenezi, kuti chilichonse chapamwamba chimene abwere nacho pambuyo pake chikhale ndi poyerekezera.

Mmene manambala amanamizira

Mbali imeneyi ndi imene imagwetsa ambiri, kuphatikizapo ophunzira bwino. Pa magulu awiri, wongolota amakhoza theka, koma zimenezo n'zoona pa maulendo ochuluka kwambiri. Pa maulendo 20, kukhoza 14 kapena kuposerapo, kumene ndi 70 peresenti, kumachitika mwamwayi pafupifupi ka 6 pa 100. Pa maulendo 40 muyenera kufika 26, kapena kuti 65 peresenti, musanayambe n'komwe kunena kuti mwapeza kanthu. Pa P300 msampha wake ndi wina: popeza kuthwanima 10 pa 12 n'kosafunika, pulogalamu yongoyankha kuti "ayi" nthawi zonse imakhoza 83 peresenti osalemba chilembo ngakhale chimodzi.

Kenako pali kudontha kwa mayankho. Deta imagawidwa pawiri, yophunzitsira ndi yoyesera, ndipo yoyeserayo siyenera kukhudzidwa mpaka pamapeto. Wina amawerengera CSP pa deta yonse kaye, kenako n'kugawa. Pamenepo misakanizo ija yaona kale mayankho a mayeso. Wina amadula chidutswa chimodzi m'tizidutswa tolowerana, n'kutisakaniza, tina kupita kophunzitsira tina koyesera. Pulogalamu imangozindikira abale a chidutswa chomwecho. Wina amajambula maulendo onse a kumanzere kaye, a kumanja pambuyo. Jelo amauma, munthu amatopa, ndipo pulogalamu imaphunzira kusiyanitsa mphindi zoyamba ndi zomaliza, osati manja. N'chifukwa chake magulu amasakanizidwa mwachisawawa pojambula, ndipo mayeso enieni amakhala a tsiku lina.

Palinso kukhoza koona koma kochokera kolakwika. Muvi ukaloza kumanzere maso amatsatira, ndipo diso lili ngati kabatire, kutsogolo kwake ndi kumbuyo zili ndi mphamvu zosiyana, choncho likatembenuka limakoka chizindikiro pa F7 ndi F8. Anthu ena amaumitsa nsagwada mbali imodzi osadziwa. Pulogalamu siisankha gwero, imatola chilichonse chosiyanitsa magulu. Njira yodziwira ndi kujambula mapu a mutu osonyeza kumene msakanizo uliwonse ukuchokera. Ngati malo owala ali pa C3 ndi C4, ndi ubongo. Ngati ali pamphumi kapena m'mbali mwa makutu, mwapanga makina owerenga maso ndi nsagwada, amene sangathandize munthu wofa ziwalo.

Zoyenda bwino pa deta yosungidwa zimasinthanso munthu akakhala pampando. Sefa zina zimayenda kutsogolo n'kubwerera m'mbuyo kuti zisachedwetse funde, zomwe zimafuna kudziwa zam'tsogolo, ndipo pa ntchito yeniyeni n'zosatheka. Munthu akayamba kuona kadontho kakuyenda, ubongo wake umasintha: amakondwa, amakwiya, amayesa njira ina. Mawa lake chipewa chakhala mopendekera ndi sentimita imodzi ndipo mzere wa LDA uja suli pamalo pake. Ambiri amathana nazo pojambula zitsanzo zatsopano mphindi zochepa tsiku lililonse, kapena polola mzerewo kusuntha pang'onopang'ono potsatira avereji ya zidutswa zaposachedwa. Ngakhale zonse zitakonzedwa, kafukufuku amasonyeza kuti anthu pakati pa 15 ndi 30 pa 100 alionse safika poyendetsa BCI modalirika, makamaka ya kuyerekeza kusuntha. Mwa ena funde la "mu" silioneka bwino pakhungu chifukwa cha mmene ubongo wawo unapindikira, ndipo si ulesi kapena kusamvetsa.

Kulowa mkati mwa chigaza

Zoika mkati zimachotsa vuto lija lomvetsera mvula padenga. Utah array ndi kachipangizo ka mamilimita 4 mbali zonse, kokhala ndi timasingano 100 totalika mpaka mamilimita 1.5, tobayidwa m'dera loyendetsa thupi. Kasingano kalikonse kamamva maselo ochepa oyandikana nako. Chizindikiro chimayezedwa ka 30,000 pa sekondi, kompyuta n'kumawerenga kuti selo lagunda kangati m'kanthawi ka mamilisekondi 20 kapena kuposerapo. Apostolos Georgopoulos anaonetsa pa anyani m'zaka za m'ma 1980 kuti selo lililonse lili ndi mbali imene limaikonda, ndipo mukaphatikiza maselo ambiri mumapeza kumene dzanja likulowera. Mu 2004 Matt Nagle anayendetsa kadontho ka pakompyuta m'kafukufuku wa BrainGate, ndipo mu 2012 zinafalitsidwa za mayi wofa ziwalo amene anamwa khofi ndi mkono wa loboti.

Ngakhale pano, kusankha m'magulu sikunachoke. Mu 2021 gulu la ku yunivesite ya Stanford linafika zilembo 90 pa mphindi posiyanitsa zilembo zimene munthu ankayesa kulemba pamanja. Mu 2023 gulu lomwelo linafika mawu 62 pa mphindi mwa mayi wodwala ALS: network inkapereka mwayi wa kamvekedwe kalikonse mwa timamvekedwe 39 ta Chingelezi, ndipo pulogalamu ina yodziwa kayendedwe ka chilankhulo inkalumikiza timamvekedweto kukhala mawu. Pa mawu 125,000 osankhapo, pafupifupi amodzi pa anayi alionse ankalakwika. Chaka chomwecho gulu la ku yunivesite ya UCSF linafika mawu 78 pa mphindi ndi timawaya 253 toyalidwa pamwamba pa ubongo osabaya. Mtengo wake ndi opaleshoni, chiopsezo cha matenda olowera pabala, ndi zipsera zimene thupi limamanga mozungulira timasingano n'kufooketsa chizindikiro pakapita zaka. Mwa munthu woyamba kuikidwa chipangizo cha kampani ya Neuralink mu Januwale 2024, timaulusi tambiri ta chipangizocho tinasoloka mu ubongo patapita masabata ochepa, ndipo anachita kusintha kawerengedwe ka chizindikiro kuti liwiro libwerere.

Vuto limene limatsalira njira zonsezi ndi la nthawi imene munthu sakufuna kulamula chilichonse. M'chipinda choyesera, kompyuta ndi imene imanena kuti "yambani", choncho imadziwa pofunika kumvetsera. Panjinga ya olumala palibe wonena zimenezo, ndipo munthu amacheza, amayang'ana uku ndi uku, amawodzera. Gulu la "palibe lamulo" ndi lovuta kuliphunzitsa kuposa ena onse chifukwa mulibe chinthu chimodzi, muli chilichonse chimene ubongo ungachite. Opanga zida amajambula nthawi yaitali munthu akuwerenga, akulankhula ndi kungokhala, n'kuika malire akuti yankho lilandiridwe pokhapokha lili kutali ndi mzere ndipo lakhazikika kwa sekondi imodzi kapena kuposerapo. Ena amaika lamulo limodzi lovuta kulichita mwangozi kuti likhale loyatsira ndi kuzimitsira. Poyesa chida choterechi, amamusiya munthu mphindi khumi osalamula kanthu, n'kuwerenga kuti makinawo adzilamula okha kangati.